Kubwezeretsa nkhalango yachilengedwe m'paki ya mumzinda: yambani ndi zomwe zatsala

Paki ya mumzinda ikaguga, ambiri amathamangira kugula mbande, kumemeza anthu tsiku limodzi, kubzala, n'kubalalika. Mvula ikakata, udzu umakwirira mbandezo, moto umadutsa, ndipo chaka chotsatira pamalo omwewo pamakumbidwanso maenje ena. Vuto n'lakuti kubzala kwaikidwa patsogolo, pamene pa ntchito yobwezeretsa nkhalango kumayenera kubwera mochedwa, ndipo malo ena sikufunika n'komwe. Nthaka yomwe kale inali nkhalango imakhala itasunga zitsa zamoyo, mizu, njere ndi mitengo ingapo yokalamba yomwe ikadaberekabe. Ntchito yanu ndi kuzipeza zimenezi, kuzichotsera zomwe zikuzipana, n'kudzabzala pokhapo pomwe palibe chingamere chokha. Malangizo awa akutsata ndondomeko imeneyo.

Choyamba: chilolezo ndi anthu a m'pakimo

Paki ili ndi mwini wake, kawirikawiri khonsolo ya mzinda. Pezani chilolezo cholembedwa chotchula malire a malo omwe mwapatsidwa komanso zaka zomwe mudzagwirepo ntchito. Funsani mapu osonyeza momwe mwadutsa mapaipi a madzi, mapaipi a zonyansa ndi nthambo za magetsi, chifukwa mtengo waukulu wobzalidwa pansi pa nthambo udzadulidwa basi. Funsaninso ngati palibe mapulani odzamangapo china. Kenako chezani ndi amene amakhala m'pakimo tsiku ndi tsiku: otchetcha udzu, alonda, odutsa popita kuntchito, ana osewera mpira. Iwowa ndi amene amadziwa komwe moto umayambira, komwe madzi amadikha ndi komwe zinyalala zimatayidwa usiku.

Chachiwiri: yendani malowo musanagwire khasu

Ngati n'kotheka, aoneni malowo nyengo zonse ziwiri, ya mvula ndi ya chilimwe. Zomera zina zimangooneka mvula ikagwa, ndipo mitengo yambiri imadziwika bwino ikachita maluwa kapena ikabereka. Yendani ndi munthu wodziwa mitengo, kaya wa zankhalango kaya wachikulire amene anakulira pafupi ndi tchire, ndipo mtengo uliwonse wachilengedwe womwe mwaupeza, ngakhale wolekeza m'bondo, muzike chikhomo pambali pake.

Jambulani mapu a pamanja n'kugawa malowo patatu. Pali malo abwino, pomwe mitengo yachilengedwe ikadalipo ndipo pansi pake pakumera ana ake. Pali malo apakati, pomwe pali zitsa ndi mphukira koma zapanidwa ndi zomera zachilendo kapena zimatchetchedwa kawirikawiri. Ndiye pali malo oguga, pomwe nthaka inakumbidwa, kuthiridwa zigumu za nyumba kapena kupondedwa mpaka kuuma gwa. Magawo atatuwa amafuna ntchito zosiyana, ndipo ndalama zambiri zimawonongeka chifukwa chowachitira zofanana.

Pezaninso nkhalango yotsala yomwe ili pafupi kwambiri ndi pakiyo, ya nthaka yofanana ndi mvula yofanana. Imeneyi ndiyo idzakuuzani mitundu ya mitengo yoyenera, kutalikirana kwake, ndi zomwe zimamera pansi pake. Muione bwino ngati ndi nkhalango yowirira yotseka kumwamba kapena yapatalipatali yokhala ndi udzu pansi, chifukwa ziwirizi sizibwezeretsedwa mofanana.

Apa ndichenjeze: si malo aliwonse opanda mitengo omwe ndi owonongeka. Dambo ndi malo achilengedwe paokha, ali ndi zomera zake ndi achule ake, ndipo amasunga madzi a mtsinje. Kulidzaza ndi mitengo n'kuliwononga. Chimodzimodzinso malo omwe mwachilengedwe ndi a udzu. Asiyeni momwemo.

Chachitatu: letsani chomwe chinapha nkhalangoyo

Ngati chomwe chinathetsa mitengo chikadalipo, chidzathetsanso yanu. Mumzinda adani ake ndi odziwika: moto wa chaka ndi chaka, makina otchetchera udzu, odula nkhuni ndi milimo, ziweto, tinjira tachidule tochuluka, ndi zinyalala. Chosavuta kwambiri pa zonsezi, komanso chobweretsa zotsatira msanga, ndi kusiya kutchetcha. Gwirizanani ndi oyang'anira paki kuti chigawo chomwe mwasankha chisatchetchedwenso ndi makina, muzungulize zikhomo ndi chingwe, muike chikwangwani chofotokoza chifukwa chake. Pakangotha nyengo imodzi ya mvula mudzaona mphukira zomwe zakhala zikumetedwa kwa zaka zambiri zikutukula mitu.

Nkhalango ya Karura mumzinda wa Nairobi ikuonetsa kufunika kwa gawo limeneli. Malowo, omwe ndi pafupifupi mahekitala 1,000, anatsala pang'ono kugawidwa kwa omanga nyumba, ndipo mu 1999 Wangari Maathai, mayi womenyera chilengedwe wa ku Kenya, anamenyedwa pamene ankapita kukabzalako mitengo potsutsa zimenezo. Bungwe la Friends of Karura Forest litakhazikitsidwa mu 2009 n'kuyamba kugwira ntchito ndi nthambi ya boma yoona za nkhalango, zoyambirira zomwe linachita zinali kumanga mpanda ndi kuika alonda. Kuchotsa lantana, chitsamba chachilendo chofalikira msanga, ndi kubzala mitengo yachilengedwe m'malo mwa yachilendo kunayenda bwino malowo atatetezeka kale.

Chachinayi: kuchotsa zomera zolowerera

Apa ndi pamene pali ntchito yaikulu, ndiponso pamene anthu a mtima wabwino amalakwitsa kwambiri. Munthu akaona chitsamba cha lantana chotseka hekitala yonse, mtima umafuna kuyambira pomwepo, kusosa zonse mpaka poyera. Koma nthaka yoyera, yotakasidwa, yowombedwa ndi dzuwa ndi yomwe zomera zolowerera, zachilendo zija zopana zachilengedwe, zimakonda. Njere zake zomwe zinali m'nthaka zimamera zonse nthawi imodzi, ndipo pakatha miyezi ingapo malowo amakhala oipa kuposa kale.

Njira yomwe ndimaikhulupirira ndi ya Joan ndi Eileen Bradley, pachibale pawo, omwe m'zaka za m'ma 1960 ankasamalira tchire la m'mapaki a ku Mosman mumzinda wa Sydney ku Australia. Mfundo zawo zinali zitatu. Yambirani pa malo abwino n'kumapita ku malo oipa. Musatakase nthaka kuposa momwe zikufunikira. Ndipo liwiro lososa lisachokere pa mphamvu zanu koma pa liwiro lomwe zomera zachilengedwe zikudzazira pomwe mwachotsa. Tanthauzo lake pa mapu anu aja n'lakuti muyambe m'gawo loyamba, muzule zachilendo zochepa zomwe zalowamo, kenako muzilowa m'gawo lachiwiri pang'onopang'ono, mamita ochepa nyengo iliyonse. Mitengo yachilengedwe ya m'gawo labwino imagwetsa njere zake m'kamzere komwe mwayeretsako, n'kumatsatira m'mbuyo mwanu.

Chomera chilichonse chili ndi pofera pake. Lantana, yemwe kwawo ndi ku America, akangodulidwa pamwamba amaphukiranso ndi mphamvu. Dulani nthambi kaye kuti mufike patsinde, kenako kumbani mutu wa mizu wonse. Nthambi zake zikagona pa nthaka yonyowa zimamera mizu, choncho ziunjikeni pamwamba pa zipika kuti ziume. Valani magolovesi ndi malaya a manja aatali chifukwa ali ndi timinga ndipo amayabwa. Chitani ntchitoyi nthaka ikadali yofewa komanso zipatso zisanapse, popeza mbalame ndi zomwe zimamwaza njere zake.

Mitengo ikuluikulu yachilendo monga bulugamu, malaina, sendelela ndi jakaranda musaigwetse yonse tsiku limodzi. Mthunzi wake umafooketsa udzu, ndipo mbalame zotera pa iyo zimagwetsa njere za mitengo yachilengedwe. Yambani ndi ana ake omwe akumera pansi, kenako mitengo yomwe ikubereka kwambiri, n'kumachepetsa yotsalayo chaka ndi chaka pamene yachilengedwe ikukwera. Kumbukirani kuti bulugamu ndi malaina zikadulidwa zimaphukira pachitsa. Mphukirazo zimafuna kuthyoledwa mobwerezabwereza mpaka chitsa chitatopa, apo ayi chitsacho chipakidwe mankhwala ophera zomera pomwepo chikangodulidwa, chisanaume. Mankhwalawo agwiritsidwe ntchito ndi munthu wophunzitsidwa, motsatira zolembedwa pa botolo ndi malamulo a dziko, ndipo asayandikire madzi. Kusenda khungwa mozungulira kuti mtengo uume chiimirire n'kothandiza mkati mwa tchire, koma pafupi ndi njira kapena posewerera ana musatero ayi, chifukwa mtengo wouma umagwa osachenjeza. Kugwetsa mtengo waukulu m'paki ndi ntchito ya akatswiri, ndipo musanadule uliwonse yang'anani ngati mulibe zisa.

Pomwe mwazula, kwirirani nthaka ndi masamba kapena udzu wopanda njere. Ndipo dziwiranitu kuti mudzabwereranso. Kuzula koyamba kumatenga thukuta lambiri, koma chomwe chimapambanitsa ntchito ndi kubwerera kawiri kapena katatu nyengo iliyonse ya mvula kudzazula timbande tatsopano tikadali tating'ono. Musatsegule malo aakulu kuposa omwe mungathe kubwererako.

Chachisanu: lerani zitsa ndi mphukira

Chitsa chamoyo chili kale ndi mizu yozama yomwe mbande ya m'chubu ingatenge zaka zambiri kuti ikhale nayo. N'chifukwa chake mphukira ya pachitsa imapirira chilimwe popanda kuthirira, ndipo imakula msanga. Tony Rinaudo, mlangizi wa zaulimi wochokera ku Australia, anazindikira zimenezi ku Niger mu 1983, pamene mbande zambiri zomwe ankabzala zinkafa. Anaona kuti tizitsamba tomwe tinali mbwee m'minda tinali mphukira za mitengo yomwe inadulidwa kalekale. Alimi atayamba kuzilera m'malo mozitentha, mitengo inabwerera pa mahekitala mamiliyoni angapo.

Kachitidwe kake n'kosavuta. Pa chitsa chilichonse cha mtengo wachilengedwe sankhani mphukira zamphamvu ndi zowongoka, kuyambira 2 mpaka 5, n'kudula zotsalazo ndi mpeni wakuthwa kapena chikwanje, modulira m'mwamba kuti khungwa lisang'ambike. Pa zomwe mwasiyazo sadzani nthambi za m'munsi zokha, osapitirira theka la kutalika kwake. Palirani mozungulira. Miyezi ingapo ikadutsa bwererani kudzachotsa mphukira zatsopano. Pakapita zaka ziwiri kapena zitatu mutha kusiya imodzi kapena ziwiri zokha.

Kwa amene ali m'madera a nkhalango za miombo, gawo limeneli ndiye mtima wa ntchito yonse. Mitengo monga mombo, mchenga ndi mlombwa imavuta kulera ku nazale, ndipo ikamera kuchokera ku njere imatha zaka zingapo ikuoneka ngati sikukula, kumtunda kukuuma chilimwe chilichonse pamene mphamvu zonse zikupita ku mizu. Munthu wosadziwa amaiyesa yakufa n'kuizula. Koma mitengo yomweyi imaphukira bwino kwambiri pa zitsa ndi pa mizu, kotero kuti malo omwe mizu yake sinazulidwe amabwerera okha akangotetezedwa ku moto ndi nkhwangwa.

Chachisanu ndi chimodzi: sankhani mitengo ndi kupeza njere

Tsopano mwafika pa gawo loguga lija, pomwe palibe zitsa ndipo njere zachilengedwe sizifikako. Apa ndiye pofunika kubzala.

Mndandanda wa mitengo uchokere ku nkhalango yotsala ija, osati ku zomwe zapezeka ku nazale. Mtengo ukhoza kukhala wa m'dziko lanu koma osakhala wa malo amenewo: mbawa, katope ndi mkundi zimakonda m'mbali mwa mitsinje, pamene masuku ndi muwanga zimachita bwino kumtunda kouma. Sakanizani mitundu yambiri. Ena akhale okula msanga ndi kupirira dzuwa, monga mthethe, kuti atseke udzu. Ena akhale okula pang'onopang'ono koma okhalitsa. Ndipo musaiwale oitana mbalame ndi mileme, makamaka mikuyu ndi kachere, chifukwa zolengedwa zimenezi zikabwera kudzadya zimasiya njere za mitengo ina yomwe inu simunabzale. Mitengo ya mtundu wa nkhuyu ili ndi ubwino wina: yambiri imagwira mukangodula nthambi yokhwima n'kuizika m'nthaka yonyowa. Ingoitalikitsani ku mapaipi ndi ku maziko a nyumba, mizu yake imayenda patali. Ikaniponso zitsamba ndi zoyanga zachilengedwe, poti nkhalango si mitengo yaitali yokha.

Kusamala pa kasankhidwe kuli ndi chifukwa chake. Nkhalango ya Tijuca mumzinda wa Rio de Janeiro ku Brazil inabzalidwanso kuyambira mu 1861, motsogozedwa ndi Manuel Gomes Archer, minda ya khofi itaguga mapiri n'kuchepetsa madzi a mumzindawo. Lero ndi imodzi mwa nkhalango zazikulu kwambiri za m'mizinda pa dziko lapansi. Komabe mtengo wa jakifuruti, wochokera ku Asia, womwe unalowetsedwa m'menemo, unafalikira kwambiri ndipo oyang'anira malowo akulimbana nawo mpaka pano. Mtengo umodzi wolakwika umasiyira ntchito mibadwo yobwera.

Njere zitoledwe ku mitengo yathanzi ya m'dera lomwelo, kwa makolo ambiri otalikirana, 20 kapena kuposa pa mtundu uliwonse ngati alipo, kuti nkhalango yanu isakhale ya ana a mtengo umodzi. Musakolole mtengo mpaka kuuyeretsa, ndipo ngati ndi malo otetezedwa pemphani chilolezo. Njere sizisungika mofanana. Za masuku, katope ndi mbawa zimafa msanga, zifeseni zikadali zatsopano. Za khungu lolimba monga za mthethe ndi msangu zimasungika, koma zimafuna kuthandizidwa kuti zimere: zithireni madzi owira omwe mwawaphula pamoto n'kuzisiya usiku wonse, kapena budulani pang'ono khungu lake kumbali yomwe kulibe mluza. Podzaza machubu sakanizanimo dothi pang'ono lotapa pansi pa mitengo ya mtundu womwewo. Mitengo yambiri, kuphatikizapo masuku ndi mombo, imadalira bowa wokhala m'mizu yake kuti ipeze chakudya, ndipo dothi la mumzinda nthawi zambiri lilibe bowayo.

Mbande yabwino kubzala ndi ya masentimita 30 mpaka 50, yonenepa patsinde, osati yaitali yowonda. Muzisuntha machubu nthawi ndi nthawi kuti mizu isalowe pansi. Kukatsala mwezi umodzi kuti mubzale, chepetsani mthunzi ndi madzi kuti mbande zikhwime. Mbande zomwe zakhalitsa m'chubu mpaka mizu kupiringizana zikaneni, ngakhale atakupatsani ulere.

Chachisanu ndi chiwiri: kukonza nthaka ndi kubzala

Nthaka ya mumzinda vuto lake lalikulu ndi kulimba. Kumbani dzenje loyesera, muthiremo madzi, muone ngati akulowa. Ngati akhalamo mpaka tsiku lotsatira, pansipo pali chigoba cholimba chofunika kuswa ndi piki, apo ayi malowo ndi a mitengo yokonda madzi. Chotsani zigumu za simenti, mapulasitiki ndi mabotolo. Ngati pankatayidwa mafuta a magalimoto, mabatire kapena zotsala za m'fakitale, dothi likayezedwe kaye ana asanakumbepo.

Dzenje likhale lotakata kuposa kuzama, kawiri kapena katatu kukula kwa chubu, ndipo m'nthaka yolimba kutakata kwake kufike masentimita 45 mpaka 60. Dothi la pamwamba liikeni padera kuti lidzabwerere koyamba. Manyowa owola bwino pang'ono amathandiza m'nthaka yoguga, koma feteleza wambiri amanenepetsa udzu kuposa mtengo.

Za kutalikirana kwa mbande pali njira zosiyana, ndipo nkhalango yotsala ija ndiyo iweruze. Kumene nkhalango yachilengedwe ndi yowirira, kubzala mothinana kumathandiza kuti mthunzi utseke msanga. Njira ina yomwe inayambira ku Queensland, ku Australia, n'kukonzedwa bwino ndi akatswiri a pa yunivesite ya Chiang Mai ku Thailand imasakaniza mitundu 20 mpaka 30 pa mpata wa mamita 1.8, zomwe ndi mbande pafupifupi 3,100 pa hekitala, ndipo mthunzi umatseka pa zaka ziwiri kapena zitatu. Mpata wa mamita 2 mbali zonse umalowa mbande 2,500 pa hekitala, wa mamita 3 umalowa pafupifupi 1,100. Palinso njira ya Akira Miyawaki wa ku Japan, yomwe yatchuka m'mizinda yambiri, yobzala mbande zitatu kapena kuposa pa sikweya mita iliyonse m'nthaka yokonzedwa mozama. Pa kamalo kakang'ono, kumadera a mvula yambiri, imabweretsa chitsamba chowirira mwamsanga. Koma imadya mbande zochuluka ndi madzi ambiri, ndipo kumene chilengedwe chake ndi mitengo yapatalipatali ya udzu pansi, imatulutsa chinthu chomwe sichinakhalepo pamalopo. Ineyo sindingaigwiritse ntchito pa malo otero.

Ngati mbande n'zochepa, musazimwaze paliponse. Bzalani timagulu ta mitengo 20 kapena 30 pamodzi, pafupi ndi gawo labwino lija, n'kusiya mipata pakati. Timaguluti n'tosavuta kuthirira ndi kupalira, ndipo timakula n'kukumana tokha.

Bzalani mvula ikakhazikika ndipo nthaka yanyowa mozama, kumayambiriro kwa nyengoyo kuti mizu ipeze miyezi yambiri yolowa pansi. Tsiku la mitambo kapena madzulo ndi nthawi yabwino. Thirirani mbande zikadali m'machubu, ng'ambani chubu mosamala dothi lisagumuke, ndipo chubucho musachikwirire m'dzenje. Ikani mbande kuti pomwe tsinde limakumana ndi mizu pakhale pofanana ndi nthaka, osazamitsa. Tsinderani dothi ndi manja, konzani kabeseni kogwira madzi, thirirani, n'kuphimbira ndi udzu wouma kapena masamba mochindikala masentimita 5 mpaka 10, koma zophimbirazo zisakhudze tsinde. Pewani mizere yowongoka. Ngati pabwera anthu ambiri odzathandiza, awonetseni kabzalidwe pa mtengo umodzi onse akuona, ndipo gulu lililonse likhale ndi munthu woyendera pambuyo.

Chachisanu ndi chitatu: zaka zitatu za chisamaliro

Pokonza bajeti, ndalama ndi anthu a gawo limeneli ziikidwe padera musanagule mbande ngakhale imodzi. Ngati mungathe kusamalira mitengo 300 yokha, bzalani 300.

Udzu ndi womwe umapha mbande zambiri. Palirani mozungulira mtengo uliwonse, theka la mita mbali zonse, katatu kapena kuposa nyengo ya mvula, ndipo udzu womwe mwachotsawo uikeni pomwepo ngati chophimbira. Chilimwe choyamba, ngati madzi alipo, thirirani ndowa yodzaza pa mtengo kamodzi pa sabata kapena masabata awiri. Kuwaza pang'ono tsiku lililonse kumachititsa mizu kuyandama pamwamba. Chiswe chimakonda mbande zofooka ndi ludzu, ndipo mitengo yachilengedwe yathanzi nthawi zambiri imapirira, choncho musathamangire mankhwala. Kumene kuli ziweto kapena ana ambiri, tchingirani mbande ndi timitengo. Kumayambiriro kwa mvula yotsatira pakizani pomwe pafa, koma fufuzani kaye chomwe chapha. Ngati mtundu umodzi wafa wonse pamalo amodzi, malowo si ake, ikanipo wina.

Kumadera a chilimwe chachitali moto ukhoza kufafaniza ntchito ya zaka zitatu m'masana amodzi. Kafukufuku wa ku Ndola m'dziko la Zambia, yemwe anayamba mu 1933, anaonetsa kuti moto wa kumapeto kwa chilimwe, ukamabwera chaka chilichonse, umathetsa mitengo ya miombo, pamene malo otetezedwa ndi malo otenthedwa koyambirira udzu usanaumitse anasunga mitengo yawo. M'paki ya mumzinda kutentha n'koopsa ndipo nthawi zambiri n'koletsedwa, choncho dalirani chikwakwa. Udzu ukayamba kuuma, lambulani njira zotchinga moto za mamita 3 mpaka 5 kuzungulira malowo ndi m'mbali mwa tinjira, tchetchani udzu wautali pakati pa mbande ndi manja mutaona bwino pomwe pali zikhomo, ndipo gwirizanani ndi alonda za yemwe aitanidwe utsi ukaoneka.

Chinthu china chovuta kwa oyang'anira mapaki ndi kusiya kusesa. Masamba ogwa, nthambi zouma ndi zipika zowola ndi chakudya cha nthaka komanso mokhala tizilombo, bowa ndi abuluzi. Sesani m'njira mokha. M'katimo musiye.

Chachisanu ndi chinayi: paki ikhalebe ya anthu

Nkhalango ya mumzinda yomwe anthu amaiopa sikhalitsa, chifukwa tsiku lina wina adzalamula kuti isosedwe. Mantha amenewa ndi enieni, makamaka kwa amayi ndi ana, ndipo muwaganizire kuyambira pojambula mapu. M'mbali mwa njira zikuluzikulu siyani mamita angapo a zomera zazifupi, sadzani nthambi za m'munsi kuti munthu aziona patsogolo, ndipo zitsamba zowirira zikhale mkati. Njira yachidule yomwe anthu anazolowera musaitseke, ikonzeni ikhale njira yeniyeni, n'kutseka tinjira tina tosafunika ndi nthambi. Bwalo losewerera ndi pokhala anthu zisalandidwe. M'mphepete mwa malo obwezeretsedwa muzitchetcha kamzere kaukhondo, kuti wodutsa aziona kuti tchirelo lili ndi olisamalira. Zikwangwani za mayina a mitengo, m'chilankhulo cha anthu a pamalopo, zimathandiza kwambiri, ndipo sukulu zapafupi zikapatsidwa chigawo chawo chosamalira, maso oyang'anira amachuluka.

Pomaliza, sungani kaundula. Zikani zikhomo zachitsulo pa malo angapo ndipo muzijambula chithunzi kuchokera pomwepo, moyang'ana mbali imodzimodzi, kawiri pa chaka. Pimani timalo ta mamita 10 mbali zonse m'gawo lililonse la mapu anu, n'kumawerenga mitengo yamoyo kumapeto kwa chilimwe, osati pakati pa mvula pamene chilichonse chikuoneka chobiriwira. Lembani mtundu, kutalika, ndi kuchuluka kwa zachilendo zomwe zabwerera. Mzere wofunika kwambiri m'kaundulamo ndi wa timbande tachilengedwe tomwe tamera tokha. Tikayamba kuchuluka, mthunzi utafooketsa udzu ndipo kuzula zachilendo kukungotenga maola ochepa pa nyengo, chigawo chimenecho chakhazikika. Pamenepo sunthani zikhomo ndi chingwe chija mulowe m'chigawo choyandikana nacho, n'kuyambanso ndi kuyenda mofufuza zitsa.